Maso a ku Joni

Pepala limene adokotala a ku Joni anampatsa Safia linali ndi malamulo asanu ndi limodzi, onse oletsa okhaokha. Osatikita m'maso. Osasamba m'nyanja. Osapaka kanthu m'zikope. Osayenda padzuwa popanda magalasi akuda. Osakhala pafumbi. Lomaliza analilemba mizere iwiri kunsi kwake: osagwira mpira mpaka itakwana milungu isanu ndi umodzi. M'munsi mwenimweni munali nambala ya dokotala wina wa maso wa ku Lilongwe, ndi chenjezo lakuti diso likangogundidwa ndi chinthu, tsiku lisathe dokotalayo asanalione.

Tsono lamulo la mpiralo mukumuuza ndani, abale? Lifuwu yense ankamudziwa Safia ngati wogoletsa wa Nkhwazi, timu ya ntchemberembaye ya atsikana a kusikimu ya mpunga. Kuyambira ali Sitandade 5 ankasewera atavala magalasi okhuthala, omangirira ndi mphira kunkhongo, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Mabotolo. Anaswa magalasi kasanu ndi kawiri. Mlongo wake Ramadhani, wogwira ntchito ku Joni, ndiye anatopa nazo n'kumuitanitsa kuti akachitidwe opaleshoni ya leza, ya makina owala aja amakonza diso osamugoneka n'komwe munthu. Pobwerera, basi itaima pa Salima, Safia anawerenga chikwangwani cha sitolo ya kutsidya kwa msewu ndi maso ake enieni. Analira ngati mwana.

Koma misozi yachimwemwe ija inali itauma kale. Milungu itatu ya mankhwala odontheza kanayi patsiku, ya kusamba kumaso pokaswali mosamala ngati nkhope ndi dzira, ya kuyendayenda m'mizere ya sikimu uku wezulo akulira kubwalo kwa anzake, inamutopetsa mpaka m'mafupa. Chomulimbitsa mtima chinali chimodzi chokha: kumapeto kwa mwezi ankhoswe ake ndi a Haruna, bwenzi lake la zaka ziwiri, anali oti akumane kuti atchule tsiku la nikaha, ukwati wa Chisilamu.

*

Lachiwiri masana kunamveka odi wachilendo.

"Asalamu alaikumu, eni nyumba!"

Anali Abiti Jafali, mayi ake a Haruna, amene pa zaka ziwiri zonsezo anali asanapondepo pakhomopo. Aliyense ankadziwa kuti mtima wawo unali pa Asiya, mwana wa achimwene awo wa ku Maganga. Za Safia ankangoti, "Kamtsikana kolumphalumpha kaja." Mayi ake a Safia anachita kuthamanga ndi mkeka n'kuuyala pansi pa mtengo wa mango.

Safia anabwera n'kugwada, magalasi akuda ali kumaso.

"Ndamva kuti munabwerako ku Joni, ndiye ndati ndidzakuzondeni," anatero Abiti Jafali, akudziona nkhope yawo yomwe m'magalasimo. "Kaya mukundiona, kaya mwatsinzina, ine sindingadziwe."

"Iwe, vula zimenezo, ukulankhula ndi akuluakulu," mayi ake anamunong'oneza, akumutsina pantchafu.

Anavula. Kuwala kwa pamchenga kunamulasa m'maso, misozi n'kuyamba kuyenderera. Anayesa kulimba, anaphethira, anaphethiranso, kenako anagonja n'kuwabwezera kumaso. Mlendoyo anaziona zonsezo. Anangomasula mfundo ya pansonga ya mpango wawo n'kutulutsa kabotolo kamkuwa kakalekale ka wanja, zakuda zija zopaka m'zikope, ndi kamtengo kake.

"Wanja uyu ndimapera ndekha. Ana anga aakazi atatu ndinawapaka ndi kamtengo kameneka. Mkazi wa mwana wanga wamkulu chimodzimodzi, tsiku limene ndinamuvomera. Inu ndinkasowa popaka, magalasi aja. Tsopano ndamva kuti munawataya. Senderani kuno."

Mayo! Mayi ake a Safia anatsala pang'ono kululutira. Munthu wakhala akukana zaka ziwiri, lero wabwera yekha, wapansi, ndi wanja kumpango! Koma kamtengo kaja katayandikira, mutu wa Safia unabwerera m'mbuyo wokha, pakamwa pasanakonze mawu.

"Pepani amayi, adokotala anakaniza. Yatsala milungu itatu yokha."

"Adokotala anakaniza wanja?"

"Eya, amayi. Zili papepala, ndikakutengereni."

"Musavutike, ine mapepala sindiwerenga." Anatseka kabotolo kaja pang'onopang'ono. "Zaka makumi asanu ndikupaka wanja, ulusi ndimalowetsa ndekha pasingano. Kaya maso a ku Joniwo ndi amtundu wanji, oopa dzuwa, oopa wanja."

Pamene tiyi ankafika, mlendo anali atatuluka kale pampanda. Mayi ake a Safia anaima ndi makapu m'manja, akuyang'ana mwana wawo.

"Ukudziwa chimene wachita?"

"Ndateteza maso anga, amayi."

"Wakana dzanja la apongozi, pabwalo, anthu oyandikana nafe akuona. Kumeneko kulibe pepala."

*

Chakumadzulo foni inayamba kulira. Anali mauthenga a Haruna.

"Amayi wawatani?"

"Sindinawachite kanthu. Ndangowauza za adokotala."

"Akuti unathawa dzanja lawo ngati ali ndi mphere."

"Haruna, pepala lija unaliwerenga wekha."

"Ndikudziwa. Koma ukanangolola pang'ono pokha, diso limodzi."

Safia analemba yankho lalitali, n'kulifufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Ali mkati mosakasaka mawu, mnzake wina wa kutimu anamutumizira chithunzi chimene Asiya anali atangoika pafoni kuti aliyense aone. Asiya anali atatsamira paphewa pa Abiti Jafali, maso ali bii ndi wanja, pansi pake atalemba kuti, "Azakhali anga, dzanja lawo silikanidwa." Zilembo zinayamba kumuumitsa m'maso Safia. Anadontheza mankhwala n'kuivundikira foniyo pathebulo.

*

Lachinayi m'mawa Haruna, ali panjinga, anamupeza pamzere wapakati pa sikimu, Safia akuthamanga kathamangidwe kololedwa ndi pepala, ka azibambo odwala shuga. Mnyamatayo ankaoneka ngati sanagone masiku awiri. Ndi yemweyu amene chikondi chawo chinayambira pa magalasi: tsiku lina ataswekera pabwalo, anawatola, n'kuwabweretsa m'mawa mwake atawalumikiza ndi kawaya ka wailesi. Lero ankalephera ngakhale kumuyang'ana kumaso.

"Amayi auza amalume kuti za kumapeto kwa mwezi zija ziyambe zaima."

"Mpaka liti?"

"Sananene."

"Chifukwa cha wanja basi?"

Haruna anakanda m'mutu, maso ali pa ziputu za mpunga. "Asiya wakhala kunyumba masiku awiriwa. Wawauza kuti ku Joniko maso amachita kuwaotcha ndi moto. Akuti munthu amaona bwino chaka chimodzi, kenako mdima. Akuti n'chifukwa chake akuletsa chilichonse, ngakhale mpira umene, poti maso anapsa kale mkati. Ndiye amayi akuti sangalole mwana wawo ayambe kutsogolera mkazi ndi ndodo asanabereke n'komwe."

Safia anaseka, koma kuseka kwake kunali kozizira. Zaka zonse ali Mabotolo palibe anamunenapo kuti ndi wakhungu. Lero akuona mpaka nyerere ikuyenda patayala la njinga, ndiye wasanduka wakhungu!

"Nanga iwe unati chiyani?"

"Ndinawauza kuti ndi bodza." Anasewera kaye ndi belu la njinga. "Koma Safia, tangondiuza ine ndekha. Adokotalawo anatsimikiza kuti sizidzavuta m'tsogolo?"

Apo ndiye panapweteka. Bodza la Asiya akanatha kulisenza, koma funso limeneli, lochokera pakamwa pameneapa, linamulemera koposa.

"Nanunso, a Haruna?"

"Aaa, usayambe za 'a Haruna'. Ndatopa ine, Safia. Kunyumba nkhani ndi imeneyi, ndikabwera kuno ndi imeneyinso. Ndimakukonda, ukudziwa, koma ndili ngati chingwe chokokanirana. Loweruka akufunanso ndiwaperekeze kubwalo, akuti akaonerere Asiya ndi timu yake ya Maganga akusewera ndi timu yanu."

Safia anakweza mutu. "Amayi anu abwera kubwalo?"

"Eee. Bwanji?"

"Palibe. Pitani, mungachedwe."

*

Kochi wa Nkhwazi, Madamu Elsie, ankaphunzitsa pasukulu ya pulaimale, ndipo sanali munthu wozungulira polankhula. Safia anawapeza Lachisanu akuchapa mabibu a timu, timalaya tovala posewera, kuseri kwa nyumba yawo.

"Ayi," anatero Safia asanamalize n'komwe. "Pepala lako ndinaliwerenga ine. Milungu isanu ndi umodzi."

"Madamu, ntchemberembaye sitigundana."

"M'buku sitigundana. Pabwalo la Lifuwu, ndi atsikana a ku Maganga? Chaka chatha anakuswera magalasi ndani?"

"Asiya."

"Ndiye chaka chino ukufuna akuswere chiyani?"

Safia anakhala panjerwa n'kufotokoza zonse: za wanja, za ankhoswe, za ndodo. Sanalire. Mphamvu zolirira analibenso.

"Ndafotokoza mpaka pakamwa pauma, madamu. Pepala sawerenga. Haruna sakumumvera, naye wayamba kukayika. Chimene angakhulupirire mayi aja ndi chimene aone ndi maso awo. Ndikadikira milungu itatuyo, ndidzapeza Asiya atasoketsa kale diresi."

"Mwamuna amapezeka wina, mwana iwe. Diso ukalipeza kuti?"

"Wina sindikumufuna. Mphindi zisanu zokha, madamu. Chonde."

Madamu Elsie anafinya bibu nthawi yaitali, madzi atatha kale. "Inenso ndinakwatiwapo kwa anthu osandifuna, ndikudziwa mmene zimawawira," anatero motsitsa mawu. "Ndikulakwa, ndipo ndikudziwa kuti ndikulakwa. Mphindi zisanu zomaliza. Ukaime pansi pa golo ngati mtengo. Mpira wam'mwamba usaulumphire, wamva? Ukalumpha, ndidzakukoka ndekha."

*

Loweruka mwera unadzuka ndi ukali. Bwalo la Nkhwazi lili kuseri kwa chigayo cha mpunga, ndipo mphepo ikamaomba mankhusu amauluka ngati ngumbi. Anthu anadzaza mbali zonse, ena atakwera panjinga zawo kuti aone bwino. Abiti Jafali anakhala kutsogolo, pampando umene Haruna anawanyamulira, ambulera ili m'manja.

Magawo atatu onse Safia anakhala pabenchi, magalasi ali kumaso, akumva amayi ena akunong'onezana kumbuyo kwake.

"Ndi uja anamuotcha maso uja."

"Zachisoni, mwana wabwinobwino. Kufuna zachizungu."

Kutembenuka kuti awayankhe kunali ngati kuyambanso ulendo wa ku Joni wapansi. Gawo lomaliza litatsala mphindi zisanu, Maganga ikutsogola ndi zigoli zitatu, Madamu Elsie anausa moyo n'kumuponyera bibu.

Safia anavula magalasi akuda, anadutsa pamaso penipeni pa Abiti Jafali, n'kuwaika m'manja mwa Haruna.

"Wapenga?" Haruna ananong'ona. "Nanga pepala lija?"

"Ndigwirireni, a Haruna. Munafunsa funso, yankho lake muliona."

"Mabotolo! Mabotolo wabwera!" ana asukulu anakuwa, akulumphalumpha.

Koma ndiye chitsulo cha golo chinaoneka, abale! Zaka zonse ankaponya ku chinthu cha mbuu, kudzera m'magalasi odzaza thukuta. Lero anachiona chonse, dzimbiri lake, ngakhale pamene anachiwotcherera chitathyoka. Asiya, wamtali, wotchinga kumbuyo wa Maganga, anabwera n'kumuima pambali.

"Wabwera kudzapapasa, mlamu?"

Mpira woyamba unabwera pachifuwa pa Safia. Anatembenuka n'kuulowetsa osakhudza chitsulo. Wachiwiri anauponya ataima kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumene anali asanayesepo chibadwire, ndipo unalowa. Wachitatu unalowa bwalo lonse likuchita kugwedezeka. Mankhusu ankamuyabwa m'maso, koma manja anawapinda kumbuyo kuti asatikite. Atacheuka anaona Abiti Jafali ataimirira, ambulera itagwa pansi, pakamwa pali yasa.

Zigoli zinafanana. Mutu ukanakhala ukugwira, apa ndi pamene Safia akanakweza dzanja n'kutuluka, poti chimene anadzera chinali chitatheka. Koma mpira ndi mpira. Wotsiriza unabwera wam'mwamba, wokhotetsedwa ndi mwera, ndipo miyendo inaiwala lonjezo la kwa madamu. Analumpha. Asiya analumphanso. Kaya ankafuna mpira, kaya ankafuna zina, akudziwa ndi Mulungu, koma chala chake chinalowa m'diso lamanzere la Safia.

Munawawa ngati amuthira tsabola. Wezulo analira, woimbira n'kulamula kuti Safia aponye popanda womutchinga. Madamu Elsie ankakuwa dzina lake m'mbali mwa bwalo. Koma Safia anadziwa kuti akangogwira kumaso, mawu a Asiya asanduka oona pamaso pa Lifuwu yense. Anaimika khosi n'kuyang'ana m'mwamba. Zitsulo zinali ziwiri, china chooneka bwino, china chosungunuka. Anaponya monga ankaponyera masiku a Mabotolo, modalira dzanja. Mpira unalowa, wezulo womaliza n'kulira.

*

Anzake anamuunjirira, kumukumbatira, kumukoka bibu, fumbi lili koboo. Atapatuka, anapeza Abiti Jafali ataima patsogolo pake, Haruna ali kumbuyo kwawo, mano onse ali pamtunda.

"Iwe mwana iwe!" anatero mayiwo, ndipo aka kanali koyamba kumuitana choncho. Anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Wakhungu amaponya chonchi? Anthu mabodza, Mulungu awakhululukire. Asiya ndikalankhula naye ndekha. Haruna, ukawauze amalume ako kuti tsiku lija lisasinthe."

Safia anagwada pafumbi pomwepo. "Zikomo, amayi." Misozi inkatsika m'diso limodzi lokha, ndipo mayiwo anaiyesa yachisangalalo.

"Ndiye mawa ubwere kunyumba, teni koloko. Ndiitana azakhali ake a Haruna onse, aja anamva zabodza aja, adzaone ndikukupaka wanja ndi dzanja langa. Za adokotala zija usandiuzenso. Ngati mpira ndi fumbi lonseli sizinakupweteke, wanja wanga angakutani?"

Lamulo Safia anali atalithyola yekha, anthu mazanamazana akuona. Akanakananso bwanji dzanja lomwelija kachiwiri? Mawu a m'munsi mwa pepala aja anamubwerera bwinobwino: tsiku lisathe. Lero linali litapita kale, choncho mawa m'mawa anayenera kukhala mu minibasi ya ku Lilongwe. Mawa lomwelo m'mawa anayenera kukhala pamkeka wa Abiti Jafali.

Mayiwo atatembenuka kuti akatole ambulera yawo, Haruna anamudzutsa n'kumupatsira magalasi aja.

"Wandichotsera mwala pachifuwa, Safia. Undikhululukire za Lachinayi zija, ndinali wopusa. Lero ndiye ndigona tulo."

Diso la Safia linkagunda ngati lili ndi mtima wakewake, ndipo kutopa kwa milungu itatu yonse kunamutsikira m'mapewa nthawi imodzi.

"Bwanji wangoti chete? Tandiyang'ana. Ukumuona bwanji mwamuna wako ndi maso a ku Joniwo?"

Anaphimba diso lamanja ndi chikhatho, ngati akutchinga dzuwa. Haruna anasowa. Pamene anaima panangotsala chifunga chovala malaya oyera.

"Teni koloko, mwana wanga, usachedwe!" Abiti Jafali anakuwa ali chakutali, akugwedeza ambulera.

"Ndamva, amayi," anayankha Safia, n'kuvala magalasi akuda Haruna asanaone diso.